Mtengo, thumba la makala ndi guwa: Akatolika a ku Ntcheu pamayeso

Mu 2018 anthu a ku Balaka ndi madera ena a Ntcheu ankati akatsegula mpopi, m'paipi munkangolira mphepo. Damu la Mpira, lomwe lili m'mapiri a nkhalango ya Mvai m'boma la Ntcheu, linali litaphwa. Damuli linamangidwa m'nthawi ya Kamuzu kuti madzi azitsika okha, popanda injini, kuchoka kumapiri kupita kumidzi ndi kumatauni a kumunsi, ndipo kwa zaka zambiri linkamwetsa anthu zikwi mazana angapo. Chaka chimenecho pansi pake panatsala matope ong'ambika. Amayi anabwerera kuzitsime za m'dambo ndi kumijigo ya kutali, ena zigubu pamutu, ena panjinga.

Akatswiri a zamadzi sanachite kufufuza kutali. Mvula inali itavuta, inde, koma chomwe chinapha damulo chinali kumtunda kwake: mitengo yodulidwa m'mbali mwa timitsinje tothira m'damumo, minda yokwera mpaka pamalo otsetsereka, mauvuni a makala m'nkhalango yomwe pamapepala ndi yotetezedwa ndi boma. Phiri likayera, madzi a mvula salowa pansi. Amathamanga tsiku limodzi atasenza dothi, ndipo pofika Ogasiti akasupe amakhala atauma.

Ambiri mwa amene anadula mitengo ija, ndiponso ambiri mwa amene anasowa madzi, ndi anthu opemphera. Ena ndi a CCAP, ena a Seventh Day, ena a Churches of Christ a ku Gowa, ena a Zambezi, ena Asilamu. Gulu lalikulu ndithu ndi Akatolika, pakuti kuno ku Ntcheu n'kumene Mpingo wa Katolika unazika mizu yake yoyamba m'dziko muno. Ndipo kuyambira 2015 mpingowu uli ndi funso lomwe unadzipatsa wokha: kodi munthu angalandire Ukaristia Lamulungu, Lolemba n'kukayatsa phiri, chikhristu chake chikhalabe chathunthu?

Pamene zinayambira

Mu Julayi 1901 ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Augustin Prézeau ndi Antoine Winnen, anakhazikika pa Nzama, m'dziko la Inkosi Njobvuyalema, pafupi ndi malire a Mozambique. Sanali Akatolika oyamba kuponda dziko lino. Ansembe a White Fathers anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma anachokako mu 1891 zinthu zitakanika. Nzama ndiyo inakhazikika, n'chifukwa chake imawerengedwa ngati mishoni yakale kuposa zonse za Akatolika m'Malawi. Mua inatsatira mu 1902.

Mishoni ya masiku amenewo sinali tchalitchi chokha. Inali munda, khola, sukulu, kachipatala, malo opalira matabwa ndi oumbira njerwa. Amishonale ankadzala mitengo ya zipatso ndi ya matabwa, ndipo mpaka lero woyenda m'midzi amaizindikira mishoni ali patali chifukwa cha mitengo italiitali yoizungulira. Chimenechi n'choyamikirika, koma chimafunsanso funso. N'chifukwa chiyani mitengo imathera pamalire a malo a abambo, pomwe akhristu amene anabatizidwa pamenepo kwa zaka zoposa 120 amakhala kutsidya kwa malirewo?

Lero maparishi a ku Ntcheu, monga Nzama, Nsipe, Tsangano ndi Ganya, ali mu Dayosizi ya Dedza. Imeneyi ndi dayosizi ya Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe komanso woyamba kukhala episkopi, ndipo kuyambira 2021 ikutsogoleredwa ndi Ambuye Peter Adrian Chifukwa.

Kalata yochokera ku Roma

Mu Juni 2015 Papa Francis anatulutsa kalata yotchedwa Laudato Si', miyezi ingapo mayiko asanakumane ku Paris kukambirana za kusintha kwa nyengo. Sanali Papa woyamba kulankhula za chilengedwe. Papa John Paul II, yemwe anadzacheza ku Malawi mu Meyi 1989, anali atasankha kale Francis woyera wa ku Assisi mu 1979 kukhala nkhoswe ya onse osamala chilengedwe, ndipo uthenga wake wa tsiku la mtendere la pa 1 Januwale 1990 unali pa nkhani yomweyi. Koma Papa Francis ndiye analemba kalata yathunthu, ya mitu isanu ndi umodzi, mothandizidwa ndi Kadinala Peter Turkson wa ku Ghana, ndipo mwa amene anawatchula ngati mboni muli maepiskopi a kummwera kwa Africa.

Mfundo zake zikuluzikulu n'zosavuta kuzimva ngakhale kwa amene sanapite patali ndi sukulu. Dziko lapansi ndi mudzi umodzi wa tonse, ndipo munthu anapatsidwa kuti alilime ndi kulisunga, osati kulidya mpaka kulimaliza. Kuwononga chilengedwe ndi tchimo, choncho mankhwala ake ndi kutembenuka mtima, osati kungosintha malamulo. Madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense. Mayiko olemera, omwe anayamba kale kuipitsa mlengalenga ndi utsi wa mafakitale, ali ndi ngongole kwa mayiko osauka. Ndipo pamwamba pa zonse, kuvutika kwa nthaka ndi kuvutika kwa amphawi ndi vuto limodzi, silingathetsedwe mbali imodzi yokha.

Mfundo yomalizayi ndiyo imakonda kugwa m'njira kalatayi isanafike kumudzi. Chomwe chimafika ndi mbali yofewa: tidzale mitengo, tisatenthe tchire, titole mapepala apulasitiki. Zonsezi n'zabwino. Koma anthu a ku Ntcheu anamvapo kale ulaliki wosamala nthaka womwe unalibe chilungamo m'kati mwake, ndipo akudziwa momwe unathera.

Zomwe Inkosi Gomani anakana

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, makamaka pambuyo pa njala ya 1949, boma la atsamunda pansi pa Bwanamkubwa Geoffrey Colby linalimbitsa malamulo omwe anthu ankangowatcha malimidwe. Mlimi ankayenera kuunga mizere yopingasa, kukumba migula, kusiya kulima m'mbali mwa mitsinje, kudzala ndi kuzula mapesi pa nthawi yoikika. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, kutsekeredwa m'ndende, kapena kuzuliridwa mbewu zake ali kuona. Alangizi a zaulimi anasanduka apolisi a m'munda.

Kunena zoona, zambiri mwa zomwe malimidwe ankafuna zinali zolondola. Mizere yopingasa, yomwe agogo athu ankamangidwa nayo, lero aliyense amaunga osauzidwa. Chinalakwika chinali china. Amene ankalamula kuti Mmalawi asamale kadziko kake kochepa ndi omwewo amene anali atagawira azungu anzawo maekala zikwizikwi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndiponso omwewo amene ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe anthu anachikana poyera.

Mu 1953 Inkosi ya Makosi ya Angoni a Maseko, Philip Gomani II, ali kale wodwala, analamula anthu ake kuti asamverenso malamulo a malimidwe, ngati njira yokanira chitaganya. Boma linamuimitsa paufumu ndi kutumiza apolisi ku Lizulu kuti akamuchotse. Anthu anatchinga. Gomani anawolokera ku Mozambique pamodzi ndi m'busa wa Anglican Michael Scott, koma Apwitikizi anawabweza. Scott anapitikitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani anamwalira chaka chotsatira, mu 1954, pachipatala cha Malamulo, kutali ndi anthu ake.

Kuchokera pamenepo, kwa zaka zambiri, kuphwasula mgula kunali chizindikiro cha ufulu. Nthaka ndi yomwe inalipira. Wansembe kapena katekisiti aliyense wa ku Ntcheu wofuna kulalika za chilengedwe ayenera kuidziwa mbiri imeneyi, chifukwa ulaliki wongoloza chala mlimi ndi wootcha makala, osafunsa amene akupindula, ndi malimidwe omwewo, angosintha chovala.

Ndani amaotcha, ndani amagula

Ntcheu wa lero ndi wothinana kuposa wa Gomani II. Kalembera wa 2008 anapeza anthu osakwana 500,000 m'bomali. Wa 2018 anapeza oposa 650,000. Dziko silinakule. Munda womwe mayi anali nawo wagawidwa kwa ana ake aakazi anayi kapena asanu, ndipo mkamwini wobwera akafuna polima pake amayang'ana kuphiri.

Pakati apa panachitikanso china chomwe achinyamata ambiri sakuchidziwa. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi. Ku Ntcheu, komwe m'madera ena malire a mayiko awiriwa ndi msewu wa M1 wokha, ambiri anangowoloka msewu n'kukhala pakati pa abale awo. Anafunika milimo, nsichi ndi nkhuni, ndipo mapiri a m'malire anayera mofulumira. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mkhalapakati ali gulu la Akatolika la Sant'Egidio, ndipo othawa nkhondo anabwerera kwawo. Nkhwangwa sizinabwerere nawo. Zinapitiriza kulira, tsopano chifukwa cha msika wa m'tauni.

Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Makala kwenikweni ndi a m'tauni. Matumba omwe amaimikidwa m'mbali mwa M1, ndi omwe amatsika panjinga m'bandakucha, amakathera m'mbaula za ku Blantyre, ku Lilongwe, pa Ntcheu boma ndi pa Balaka, m'nyumba za aphunzitsi, anamwino, apolisi, akuluakulu a m'maofesi, ndi atsogoleri a mabungwe a mumpingo. Wootcha amagona m'tchire masiku angapo akulondera uvuni, amapuma utsi, amasenza thumba pamsana kutsika nalo phiri, n'kulandira gawo laling'ono la mtengo womwe thumbalo lidzagulidwe m'tauni. Phindu lenileni limatsalira mwini lole ndi wogulitsa.

Mu 2020 lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso, zilango zinakwera, ndipo kuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chiphaso ndi mlandu womwe ungafikitse munthu kundende. Lamuloli n'lofunika. Koma funsani m'midzi amene amagwidwa kawirikawiri, adzakuuzani kuti ndi wapanjinga.

Nkhaniyi imazungulira mochititsa chisoni. Dothi lokokoloka m'mapiri a Ntcheu limatsika ndi mitsinje ngati Rivirivi kukalowa mu Shire, kumtunda kwa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa. Matope ndi zinyalala zikadzaza pamenepo, makina amachepa mphamvu, magetsi amazima, wa m'tauni amagula thumba lina, ndipo mtengo wina umagwa ku Ntcheu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo m'miyezi yonseyo mbaula sizinazime.

Tsono ulaliki wa chilengedwe womwe umalalikidwa ku nthambi ya kumudzi kokha, osalalikidwa ku tchalitchi cha m'tauni komwe kuli ogula, wasiya theka la ochimwa kunja.

Mpingo womwe unalankhulapo kale

Akatolika a m'Malawi sayenera kuphunzitsidwa kuchokera kunja kuti chikhulupiriro ndi chilungamo zimayendera limodzi. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yomwe inatchula poyera zomwe anthu ankangonong'onezana: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi kusowa ufulu wolankhula. Inasindikizidwa ku Balaka, pamakina a ansembe a Montfort, a chipani chomwe chija cha pa Nzama. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaopsezedwa, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.

Amene analipo amakumbukira kuti chaka chimenecho matchalitchi anadzaza, ndipo ngakhale a mipingo ina ankafunafuna kalatayo kuti aiwerenge. Anthu anaona kuti zomwe zimanenedwa paguwa zikukhudza mtengo wa chimanga ndi m'bale wawo yemwe anasowa usiku. Kumeneko kunali kutsitsimuka kwa uzimu, ngakhale panalibe msonkhano wa chitsitsimutso.

Lero mpingowu uli ndi manja awiri ogwirira ntchito zoterezi: CCJP, yoona za chilungamo ndi mtendere, ndi CADECOM, yoona za chitukuko ndi chithandizo pa ngozi. CADECOM ya Dayosizi ya Dedza imagwira ntchito ndi alimi m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Vuto la mabungwe otere, osati a Katolika okha, ndi loti ntchito zawo zambiri zimayendera ndalama za abwenzi akunja, ndipo pulojekiti ili ndi tsiku loyamba ndi lomaliza. Ikatha zaka zitatu, galimoto imasiya kubwera, komiti imabalalika, nazale imauma. Mkhristu wamba amayamba kuganiza kuti kusamala chilengedwe ndi ntchito ya ku ofesi ya dayosizi, yobwera ndi alawansi.

Chomwe sichitha ndi mphakati.

Mphakati ndi manda

Miphakati inakhazikika m'zaka za m'ma 1970, maepiskopi a kum'mawa ndi pakati pa Africa atagwirizana kuti mpingo uzimangidwa kuyambira pa timagulu ta mabanja oyandikana. Kuno kwathu amene anailimbikitsa kwambiri anali Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, ali episkopi wa Lilongwe. Mphakati umakumana pakhomo pa mmodzi wa akhristu, umawerenga Mawu a Mulungu, umasonkhetsa mtulo, umazonda odwala, umaphika pamaliro, umachitira umboni ofuna ubatizo kapena ukwati. Wansembe amatha miyezi osafika ku nthambi ina, koma mphakati umakumana sabata ndi sabata.

Ndipo mphakati umadziwa zomwe mlonda wa nkhalango sangadziwe. Umadziwa kuti bambo uje anayamba kuotcha makala mwana wake atasankhidwa kupita kusekondale. Umadziwa kuti mayi uje amalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje chifukwa achibale a malemu mwamuna wake anamulanda dimba. Umadziwa amene analandira makuponi a fetereza wotsika mtengo ndi amene dzina lake linasowa. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba la fetereza litapitirira K100,000, mabanja ambiri anapeza kuti banki yawo yomaliza ndi mtengo wa m'phiri. Kumuuza munthu wotere kuti alape, osamuthandiza kupeza njira ina ya fizi, n'kumusenzetsa katundu yemwe womuuzayo sangamunyamule. Mphakati womwe uli ndi banki mkhonde yake, womwe ungaperekeze mayi wamasiye kwa amfumu kapena ku CCJP pa mlandu wa dimba, wachita zambiri zoteteza phiri kuposa ulaliki khumi.

Pali umboni wina womwe uli pafupi ndi mudzi uliwonse, woti mtima ndiwo umasunga mtengo. Yang'anani kumanda. M'madera omwe mapiri anayera kalekale, nkhalango yachilengedwe yotsala ndi ya kumanda, komwe kuli mitengo yakale yomwe kwina konse inatha. Kulibe mpanda, kulibe mlonda wa boma, kulibe pulojekiti. Munthu yemweyo amene saopa kulowa m'nkhalango ya Dzonzi kapena ya Mvai ndi nkhwangwa, sangayerekeze kutola ngakhale nkhuni youma kumanda popanda chilolezo cha amfumu ndi adzukulu. Malowo ndi opatulika, basi. Chomwe chiphunzitso cha Papa Francis chikupempha, tikachiyang'ana ndi maso a kuno, n'choti ulemu umenewo utuluke kumanda ufike kukasupe, kumtsinje ndi kumunda.

M'munda mwenimwenimo

Nzeru zosamalira nthaka sizikusowa ku Ntcheu. Kuyambira 2012 akatswiri a pulogalamu ya Africa RISING, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ndi ya Michigan State, anagwira ntchito ndi alimi a ku Nsipe ndi ku Kandeu poyesa kudzala nandolo ndi mtedza m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kudzalamo chimanga. Mtedza umakhwima msanga, nandolo amatsala akukula, masamba ake amagwera pansi, mizu yake imabowola nthaka yolimba ndi kusiyamo chonde. Banja limapeza ndiwo, chogulitsa, timitengo ta nkhuni, ndipo chimanga chotsatira chimafuna fetereza wochepa.

Palinso nsangu, mtengo womwe umayoyola masamba nthawi ya dzinja, kotero sutchinga chimanga koma umachidyetsa. Pali gliricidia, pali udzu wa vetiva wa m'mizere ya akalozera, pali manyowa a Mbeya, pali chitetezo mbaula choumbidwa ndi dothi chomwe chimadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Ndipo pali njira yotsika mtengo kuposa zonse, yosamalira mphukira: chitsa cha mtengo wachilengedwe chikaphuka, mlimi amasiyako nthambi ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina n'kusadza. Chitsacho chili kale ndi mizu yozama, choncho chimapirira chilimwe chomwe mbande ya m'chubu imafa nacho.

Kumtunda kwa Tsangano, komwe kachewere, kabichi ndi tomato zimadyetsa misika ya m'mizinda, vuto ndi lina: mankhwala opopera omwe amathiridwa mopitirira muyeso, opopera osavala zodzitetezera, ndi mabotolo otsukidwa mumtsinje womwe ena akumwa kumunsi. Kumeneko lamulo lokonda mnzako lili ndi tanthauzo lomveka bwino, ndipo mnzakoyo ndi wa kumunsi kwa mtsinje ndi wogula tomato pa Lizulu.

Kusesa pakhomo pako

Mpingo nawonso uli ndi zoyankha. Matchalitchi ambiri a m'midzi, nyumba za ansembe ndi makalasi zinamangidwa ndi njerwa zootcha, ndipo uvuni umodzi waukulu umadya mitengo ikuluikulu yambiri, kawirikawiri yachilengedwe chifukwa ndiyo imayaka nthawi yaitali. Akhristu amanyadira akaumba njerwa za tchalitchi chatsopano, ndipo kunyadako n'koyenera, koma mitengo yootchera inachokera penapake. Mu 2018 boma linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu, ndipo njerwa za simenti ndi zadothi lotsindira zilipo. Komiti ya zomangamanga ya parishi ndi malo oyamba pomwe Laudato Si' imapambana kapena kugonja.

Chimodzimodzi makhichini a sukulu zogonera konko, zipatala za mishoni ndi maseminale, omwe amagula nkhuni pa lole. Chimodzimodzi zikondwerero zikuluzikulu za ulimbitso ndi kudzoza ansembe, zomwe zikatha bwalo limatsala lodzaza mabotolo ndi majumbo. Ndipo pali nkhani yovuta kuposa zonse, ya malo. Mamishoni akale ali ndi malo aakulu pakati pa midzi yothinana. Kuwasunga ngati nkhalango ndi ntchito yabwino kwa dera lonse, pokhapokha oyandikana nawo akuona phindu lake: nkhuni zogawidwa mwadongosolo, malo oika ming'oma ya njuchi, mbande, madzi. Apo ayi, mtengo wa pamishoni umaoneka ngati chuma cha olemera, ndipo usiku umagwa.

Za ngongole ya mayiko olemera, Amalawi safunikira kuwerenga buku. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, yemwe anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000, ambiri a iwo kummwera, ena atakwiririka ndi matope otsika m'phiri la Soche. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, ndipo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mmalawi amatulutsa utsi wochepetsetsa poyerekeza ndi wa ku America kapena ku Ulaya. Mu Okutobala 2023 Papa Francis analembanso kalata ina yaifupi ndi yaukali, Laudate Deum, yodzudzula atsogoleri a mayiko chifukwa chozengereza. Dziko la Scotland linali loyamba kulonjeza ndalama zolipirira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo, pa msonkhano wa ku Glasgow mu 2021, ndipo gawo lina linadzera ku bungwe la Akatolika la SCIAF kudzagwira ntchito kummwera kwa Malawi. Ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi zomwe zinawonongeka, koma zinabwera ndi dzina loyenera.

Komabe utsi wa ku Ulaya sunadule mitengo ya mu Mvai. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo mlaliki woona mtima ayenera kuzinena pamodzi.

Seputembala, osati Januwale

Papa Francis anamwalira pa 21 Epulo 2025. Wolowa m'malo mwake, Papa Leo XIV, sanaitaye nkhaniyi: mu Julayi chaka chomwecho anatsogolera koyamba Misa yatsopano yopempherera kusamala chilengedwe ku Castel Gandolfo. Palinso nyengo yapadera yomwe Akatolika amasunga pamodzi ndi mipingo ina, kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala, tsiku la Francis woyera wa ku Assisi.

Poyamba nyengo imeneyi imaoneka ngati yosemphana ndi kalendala ya kuno. Nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo m'miyezi imeneyo m'pamene timaona zithunzi za akuluakulu, a mpingo ndi a boma omwe, atagwira khasu ndi kathirira. Mu Seputembala ku Ntcheu kumakhala kuli gwa, fumbi lokhalokha, palibe chodzala.

Koma Seputembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yomwe mitengo yodzalidwa mu Januwale imafa. Ndi nthawi yomwe anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, moto n'kuwathawa kukwera phiri usiku wonse. Ndi nthawi yomwe mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa zokolola zitatha, n'kumadya chilichonse chobiriwira. Ndi nthawi ya chiswe, ya mauvuni a njerwa, ndi ya njala yoyamba kulowa m'nyumba zomwe nkhokwe zatha msanga, pomwe nkhwangwa imatuluka. Ntchito ya miyezi imeneyi ilibe chithunzi chokongola: kulambula njira zotchinga moto, kumanga timipanda ta minga, kutunga madzi othirira, kudzaza machubu a nazale, kusadza mphukira.

Mbali yaikulu ya ntchito imeneyi mpingo sungaigwire wokha. Lamulo loti mbuzi zisamasulidwe pafupi ndi nkhalango ya mudzi, kapena loti woyatsa tchire alipe, limachokera kwa anyakwawa ndi magulupu, ndipo limagwira ntchito pokhapokha a CCAP, a Seventh Day, Asilamu ndi osapemphera alivomera. Kumayambiriro kwa Seputembala komweko Angoni a Maseko amasonkhana pa Nkolimbo ku Umhlangano, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V, mdzukulu wa mbumba yomwe ija inakana malimidwe. Mafumu ena omwe amavala nyoni tsiku limenelo amakhalanso pamkeka wa mphakati sabata yotsatira, ngati akhristu wamba.

Pa zolengeza za Lamulungu, mlembi wa tchalitchi amawerenga mwatsatanetsatane zomwe mphakati uliwonse wapereka: mtulo, masika, chopereka cha seminale, cha zomangamanga, mpaka tambala yomaliza, ndipo mphakati wotsalira umachita manyazi. Mitengo imalengezedwa tsiku lodzala, kuti tadzala 500 kapena 1,000. Parishi yofuna kudziwa pomwe yafika ingawonjezere mzere umodzi Lamulungu loyandikira pa 4 Okutobala, woti mphakati uliwonse unene mitengo yomwe ikadali moyo, mabanja omwe aumba chitetezo mbaula, ndi ootcha makala angati omwe wawathandiza kupeza ntchito ina.